Chimene Ndinauza Mkazi wa Lazalo

Ana anga, m'mutu uno ndilemba za zaka khumi zoyamba za ntchito yanga yachipatala, zaka za Chitaganya. Za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amazikumbukira bwino kuposa ine. Pano ndikamba za matenda amene anthu sakonda kuwatchula, opatsirana pogonana. Mwakula tsopano, mutha kumva. Maina a odwala ndawasintha.

Katete, 1953

Nditamaliza maphunziro a wothandiza dokotala ku Lusaka, ananditumiza ku kachipatala kakang'ono pafupi ndi msewu waukulu ku Katete. Ndinafika nyengo yotentha, pamwamba pa lole ya matumba a mtedza, ndili ndi sutikesi ndi Baibulo limene atate anandipatsa. Anthu anayamba kunditcha adokotala tsiku lomwelo, ngakhale dokotala weniweni, mzungu, ankangobwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Fort Jameson. Bwana wanga wa tsiku ndi tsiku anali a Sakala, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene anagwirapo ntchito yachipatala kunkhondo. Sanafunse za satifiketi yanga. Ananditengera ku chipinda chakumbuyo, chobayira jekeseni, nandionetsa chitseko chachiwiri choloza kuthengo.

"Chitseko ichi uchidziwe bwino," anatero. "Wolowera uku safuna kuti a pa benchi amuone. Odala yanga, lamulo la muno, ndi imodzi chabe. Munthu akavula buluku muno, zimene waona zithera muno. Osauza mkazi wake, osauza abusa, osauza ngakhale mkazi wako ukadzakwatira. Ukangotulutsa kamodzi, mawa sabwera, ndipo anzake onse sabwera. Azikagula mapilitsi m'thumba la dalaivala wa lole. Wamva?"

Ndinati ndamva.

M'chipinda chimenecho ndimo ndinaona ndi maso zimene kusukulu ndinangoziwerenga. Chinzonono sichibisala mwa mwamuna. Pakapita masiku ochepa atagona ndi wodwala, pokodza pamatentha ngati tsabola ndipo kumaliseche kumatuluka mafinya. Mafinyawo tinkawapaka pa kagalasi, kuthira utoto, n'kuyang'ana tizilombo pa maikulosikopu. Mwa mkazi nthawi zambiri chimangokhala duu, kapena chimaonetsa chikazi chachikasu ndi kupweteka m'munsi mwa mimba, pamene mkatimo chikutseka njira ya ana. Mabomu ndi zilonda zowawa ndi zotupa za m'mphechepeche zimene zimaphulika. Wodwala ake amabwera akuyenda chotangadza, chitseko chakumbuyo sichimuthandiza kwenikweni. Koma amene a Sakala ankawaopa ndi chindoko. Chimayamba ndi kachilonda kamodzi, kolimba m'mbali, kosapweteka. Kamapola kokha, munthu n'kuyesa wachira. Pambuyo pake zidzolo zosayabwa zimatuluka thupi lonse, mpaka m'zikhatho ndi pansi pa mapazi, tsitsi n'kumathothoka. Nazonso zimatha zokha. Kenaka matendawo amalowa pansi kwa zaka. Mkazi amangopita padera kapena kubala ana akufa, ndipo mwamuna amadzazungulira mutu kapena kufa ndi mtima osadziwa kumene zinayambira. Chindoko tinkachitsimikiza ndi magazi. Tinkawatenga m'kabotolo, kutumiza pa lole ya makalata ku Fort Jameson, yankho n'kubwera pamene lafunira.

Kale mankhwala ake anali jekeseni wowawa wa miyezi yambiri, ndipo odwala ambiri ankathawira pakati. Ine ndinafika penisilini atayamba kupezeka. A Sakala ankamusunga m'kabati, kiyi ali pa chingwe m'khosi. Vuto linali kuti anthu abwere. Masiku amenewo kunali manong'onong'o akuti jekeseni wa boma la Chitaganya amatseka ubereki wa anthu akuda. Munthu wolowa pachitseko chija anali atagonjetsa manyazi ndi mantha omwe. Ndinaona kuti odala ya a Sakala inali yanzeru, ndipo ndinaisunga.

Sinda, 1956

Ku Sinda ndinakhala ndekha, wopanda bwana pafupi. Ndi kumene ndinakwatira amayi anu, ndi kumenenso ndinaphunzira Chinsenga pang'ono. Zinthu zinkasowa. Singano zikabuntha ndinkanola pa mwala. Mafuta a pulaimasi akatha, ndinkawiritsa zida pa nkhuni kuseri. Penisilini ankabwera wochepa ndipo ankatha msanga, chifukwa yemweyo ndiye wa chibayo, wa zilonda, wa amayi otentha thupi atachira.

Tsiku lina mayi wina anabweretsa khanda la masabata ochepa. Maso ake anali otupa, omatana, ndipo nditatsegula chikope mafinya anatuluka ngati phala. Chinali chinzonono chimene mwana anatengera kwa amake pobadwa. Mayiyo sankadziwa kuti akudwala. Anali atachedwa, poti anayamba wathira mkaka wa m'mawere ndi masamba. Mwamuna wake atabwera kudzamutenga ndinamuzindikira. Anali kalaliki wa pasitolo ina ku Katete, amene ndinamubaya ndi dzanja langa m'chipinda chija, ndipo anali atandilonjeza kuti abweretsa mkazi wake sabata yotsatira. Tinayang'anana. Iye anandipatsa moni ngati sitinaonanepo, inenso ndinayankha chimodzimodzi. Ndinawabaya onse atatu. Diso limodzi la mwanayo tinalipulumutsa, koma linalo linayera n'kufa.

Nditapita ku Katete kukatenga mankhwala ndinawafotokozera a Sakala. Anati, "Unatsata odala. Ukanamutsata kunyumba kalalikiyo, amuna angati akanaleka kubwera? Maso angati akanafa amene sunawaone?" Ndinavomera, chifukwa zinali zoona. Koma diso loyera lija ndinapita nalo ku Vubwi.

Vubwi, 1959 mpaka 1960

Masiku amenewo ku Vubwi kunalibe boma. Kunali mapiri, midzi, ndi kachipatala kathu kofolera ndi udzu. Odwala ena ankachokera ku Nyasalande, ena ku dziko la Apwitikizi, kudutsa malire ngati akupita kudimba. Nditangofika ndinapempha mmisiri kuti aboole chitseko chakumbuyo, ndipo posachedwa amuna anayamba kuchidziwa.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri. Mlatho wamitengo unakokoloka, lole inaleka kubwera. Penisilini yense anathera pa ana a chibayo. Ndinatumiza mawu kudzera mwa mesenjala wa khoti amene ankapita kuboma pa njinga, ndipo iye anati adzabwera nawo mankhwalawo akawapeza, ndiponso mtsinje ukalola.

Ndi nthawi imeneyo pamene Lazalo Mbewe anabwera. Anali mnyamata wamtali, atavala jekete ndi nsapato zowala ngakhale kunja kunali matope. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito pa famu ya fodya. Anakhala pa benchi mpaka odwala onse atatha, nati mutu ukumupweteka. Ndinamuyang'ana, n'kumulozera chipinda chakumbuyo.

"Sikapweteka, adokotala," anatero atandionetsa. "Mungondipatsa mafuta opaka kuti kaume msanga."

"Kayamba liti?"

"Ndili m'njira."

"Kumene munaliko munali ndi mkazi?"

"Adokotala, munthu kukhala pa famu mpaka kuiwala fungo la kwanu. Mukufuna ndiyankhe chiyani?"

Kachilondako kanali kamodzi, kolimba ngati batani. Anabere a m'mphechepeche anali otupa mbali zonse, osapweteka. Ndinamuuza kuti ndikuona chindoko, kuti mafuta opaka sathandiza, kuti mankhwala ake alipo koma pano atha. Magazi sindinamutenge, chifukwa akanaonongeka asanafike kulikonse. Kenaka ndinafunsa funso limene ndinkafunsa aliyense chichokereni ku Sinda.

"Mwagona kale ndi akazi anu?"

"Ayi! Mwana sanatengedwe. Ndikugona kwa alamu anga ngati mbeta. Ngakhale kumunyamula mwanayo sandilola. Ndi chimene ndabwerera, kudzatenga mwana."

Inu munakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Kwathu mwana akabadwa amati ndi wozizira. Atate ake ndi amake sagonera pamodzi, ndipo munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi samukhudza, kuopa kumudula. Mwana wodulidwa amati amatsokomola, kutupa, n'kuwonda mpaka kufa. Akalimba khosi, amayi akuluakulu amaika tsiku loti makolo ake agone pamodzi koyamba, mwana ali pamphasa pomwepo, n'kumumanga mkuzi m'chiuno. Ndiko kutenga mwana. Akatero mwana walowa m'mudzi, aliyense amunyamula. Mpingo wathu unkaletsa, koma ambiri ankachita mwakachetechete. Musaseke. Awiri a inu munavala mkuzi, ine ndikuyang'ana kumbali.

Lazalo anachoka mkazi wake Tisauke mimba isanaoneke, ndipo matendawo anawatenga ali pafupi kubwerera. Choncho Tisauke ndi mwana analibe kanthu. Mwambo ndiwo unali utamutchinga mpaka tsiku limenelo.

"Tsiku ndi liti?" ndinafunsa.

"Apongozi akuti mwezi ukangooneka."

Mwezi unali kumdima, pafupi kubadwa. Ndinamuuza kuti asayerekeze kufikira atabayidwa ndi kupola, apo ayi mkazi wake atenga, ndipo ana otsatira aziwataya. Anamvetsera bwino. Anati akanena kuti wadwala malungo. Ndinamupatsa mankhwala otsukira chilonda, ndikudziwa kuti sachiritsa kanthu.

Anabweranso posachedwa, nkhope ili ina. Sanadikire kuti odwala athe. Anazungulira kuseri n'kugogoda.

"Zakanika," anatero. "Apongozi akuti, malungo ake otani odya mbale ziwiri? Akuti mwana wayamba kale kutsokomola, adikira mokwanira. Akuti ngati ku Halale anandithena ndinene, apeze fisi."

Fisi ndi mwamuna amene akulu amamupeza mobisa kuti achite mwambowo mwini mkazi akakhala kutali kapena akalephera.

"Ine ndili moyo, mwana wanga atengedwe ndi fisi? Onani, chikuuma chokha."

Chinalidi chitayamba kuchepa. Ndinamuuza kuti ndi mmene chindoko chimachitira, chimauma kunja chikulowa m'magazi, ndipo akhoza kupatsirabe.

"Kamodzi kokha, adokotala."

"Kamodzi n'kokwana. Auzeni ankhoswe anu, akuthandizeni kuchedwetsa."

"Ndine mkamwini pamudzi paja. Akamva kuti ndinayenda kumbali mwana ali wozizira, chifuwa chija chikhala changa. Andiponyera bulangeti panja. Inu ntchito yanu ndi kusunga pakamwa. Mukanena, ndikakusumirani kwa azungu anu."

Anatuluka osatseka chitseko.

Tsiku lotsatira kunabwera mtsikana wa mwana kumbuyo. Anagwada pakhomo, nati dzina lake ndi Tisauke. Mwanayo ndinamuyeza. Anali wonenepa, maso owala, chifuwa chake chinali chimfine wamba. Nditamuuza sananyamuke.

"Adokotala, bambo a mwanayu abwera kuno kawiri. Akudwala chiyani?"

"Akakuuzani okha, mayi."

"Akuti malungo."

Ndinatembenuka n'kuyamba kusamba m'manja.

"Akanakhala malungo mukanati inde," anatero.

"Ndikukupemphani chinthu chimodzi. Za mwanazi muchedwetse."

"Ine? Tsiku aika ndi amayi ndi anamkungwi. Mkuzi apota kale. Ndikati ayi, adzati chifukwa? Ndinene kuti adokotala akana? Adzati a Chitaganya safuna kuti tibereke. Ndiuzeni chimene ndikuthawa, ndidziwe pothawira."

Anadikira, kenaka anabereka mwana wake n'kupita.

Masiku amenewo sindinkadya bwino. Amayi anu ankafunsa, ine osanena. Ndinkamva mawu a a Sakala, ndipo ndinkadziwa kuti amuna a ku Vubwi angoyamba kumene kukhulupirira chitseko changa. Ndinkadziwanso kuti ndilibe umboni wa magazi. Ndinali ndi maso anga ndi zala zanga basi. Ndikanakhala nditalakwitsa, ndikanapasula banja la munthu chifukwa cha kachilonda wamba. Komanso ndinkaona mayi wa ku Sinda atagwira khanda lake, akundithokoza, osadziwa kuti ine ndinadziwa kalekale. Uyu wa ku Vubwi anali atandifunsa pamaso. Tsiku lililonse ndinkapita kukayang'ana mtsinje ngati mesenjala akubwera. Madzi anali pakhosi pa munthu.

M'mawa wina amayi anu akusesa anati, "Mwauona mwezi dzulo madzulo? Kakang'ono ngati chikhadabo." Ndinathandiza odwala amene analipo, kutseka chipatala, n'kutenga ambulera.

Pamudzipo sindinaime. Ndinafunsa njira ya kumunda kwa Lazalo, ngati ndikufuna kuona mwana wa chifuwa. Ndinawapeza awiri akubandira chimanga, mwana atamugoneka pansi pa mtengo. Lazalo atandiona anaima, khasu lili m'manja.

"Mwasochera, adokotala?"

"Ndabwera kuti munene nokha, a Mbewe. Mukapanda kunena ndinena ine, inu muli pomwepa. Kumbali sindinena."

"Mwayenda mtunda wonsewu kudzandivula pamaso pa mkazi wanga?"

"Nenani."

Anayandikira mpaka ndinamva fungo la thukuta lake. Khasu analikweza n'kuliika paphewa. Anali wamtali kuposa ine, ndipo munda unali kutali ndi anthu. Sindinasunthe. Tisauke anali ataweramabe, khasu lake lili m'nthaka, akutiyang'ana chapansipansi. Ndinadikira nthawi yaitali. Lazalo analavula malovu pambali n'kutifulatira.

Ndiye ndinanena. Ndinati amuna ake ali ndi chilonda chimene ine ndikuchiona kuti ndi chindoko, ngakhale magazi sanayezedwe. Ndinati akagona nawo tsopano atenga, ndipo ana amene adzatsatire akhoza kufera m'mimba kapena kubadwa odwala. Ndinati mankhwala kulibe mpaka mtsinje utaphwa. Mawu onse anali amenewo. Aka kanali koyamba kutulutsa za m'chipinda chija.

Tisauke anaweramuka pang'onopang'ono.

"Mwanayu ali nacho?"

"Ayi. Inunso ndikukhulupirira mulibe."

"Chimachira?"

"Chimachira ndi jekeseni, akamaliza onse."

"Afika liti jekeseniyo?"

"Sindikudziwa."

Anatembenukira kwa mwamuna wake, amene anali akuyang'anabe kuphiri.

"A Mbewe, ine ndimayesa mwangotibweretsera nsapato ndi bulangeti. Kani katundu wina munabisa?"

"Kawauze amako tsono," anatero Lazalo osatembenuka. "Andithamangitse, usangalale."

"Amayi ndikawauza zanga, osati zanu. Mukachoka inu andibweretsera fisi wa mano awiri, ndiye ndapindulanji?" Anapukuta manja pa chitenje. "Ndikawauza kuti magazi abwereranso. Mkazi ali m'magazi mphasa sayandikira, kaya ndi mwamuna wake kaya ndi fisi. Zimenezo kusukulu kwanu sanakuphunzitseni, adokotala?"

"Akafuna kuona nsalu?" ndinafunsa.

"Nkhuku zilipo, magazi sasowa. Koma amayi abwera kwa inu kudzapempha mankhwala. Mudzawauza chiyani?"

"Ndidzati za odwala anga sindinena."

Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. "Lero mwanena."

Anakatenga mwana pansi pa mtengo n'kuyamba kumuyamwitsa. Ine ndinatsazika.

Amake anabweradi, mayi wowonda wa maso akuthwa. Anati mwana wawo akutaya magazi, ndimupatse mankhwala oletsa msanga poti pali mwambo ukudikira. Ndinati za odwala sindikamba ndi munthu wina, koma mkazi wotero amuleke apume. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Inu ndi mkamwini wanga mukudziwana bwanji?" Ndinati chipatala n'cha aliyense. Anapita akung'ung'udza.

Mwezi unakula, unakhala wathunthu, unayamba kuchepa. Mesenjala osaoneka. Tisauke anabwera tsiku lina ngati wabweretsa mwana, nandiuza motsitsa mawu kuti amayi ayamba kuwerenga nkhuku, ndipo anamkungwi akuti apite naye kwa sing'anga kutsidya la malire kapena amuone okha. "Sindingathe kupitirira apa," anatero. "Akandivula, zonse ziululika, ndipo wabodza ndikhala ine." Ndinali nditaswa odala, ndipo zinkaoneka ngati ndaiswa pachabe.

Mankhwala anafika sabata yomweyo. Mesenjala anasiya njinga kutsidya, nawoloka bokosi lili pamutu, amuna awiri atamugwira m'mbali. Ndinatumiza mawu kuti mankhwala a chifuwa cha mwana afika. Lazalo anabwera, Tisauke akumutsata pambuyo mpaka pa mtengo wa kuseri. Ndinamutenga magazi kaye, ndi a mkazi wake omwe, kuti mesenjala abwerere nawo. Pobayidwa ankayang'ana khoma. Anabwera masiku onse amene ndinamuuza, chifukwa mkaziyo ankamuperekeza, koma sanandilankhule liwu ngakhale limodzi. Chilonda chitapola ndinauza Tisauke kuti magazi ake aja atha kuleka. Mwana anatengedwa, mkuzi anamumanga, apongozi anati sing'anga wawo ndiye wathandiza ngakhale sanapiteko.

Yankho la ku Fort Jameson linabwera anthu atayamba kudya mondokwa. Magazi a Lazalo anali ndi chindoko. A Tisauke analibe.

Koma a Sakala sananame. Lazalo ankati akakhala pamowa, osatchula matenda ake, ankangoti, "Dokotala uja samalani naye. Amatsata munthu kumunda." Zinakwana. Amuna analeka kugogoda kuseri. Kanjira ka kuchitseko chija kanamera udzu. Ndinkamva kuti akugula mapilitsi kutsidya la malire, awiri kapena atatu, ongokwana kuumitsa mafinya. Mmodzi anabwera atachedwa, atamunyamula pa machira, mabomu ataphulika. Ena sindinawaone konse, ndipo za akazi awo sindikudziwa.

Katete, 1961

Ndili patchuthi ndinakaona a Sakala. Anali atapuma ntchito, akuweta nkhumba kumudzi kwawo cha ku Mkaika. Ndinawafotokozera zonse, osatchula maina. Anamvetsera akukanda chibwano.

"Ukanakhala pansi panga ndikanakulembera lipoti," anatero.

"Ndikudziwa."

"Mkaziyo ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Nanga amuna abwerera pachitseko?"

"Awiriawiri. Ambiri ayi."

"Ndiye usandifunse ine. Zonse waziona wekha."

Anayamba kukamba za mtengo wa gaga. Nkhaniyo sitinaibwerezenso mpaka anamwalira.

Vubwi, 1963

Chitaganya chili pafupi kutha anandilembera kuti ndisamukire ku Petauke. Amuna anali atayambanso kubwera, makamaka anyamata amene nkhani ija sanaimve, koma sizinabwerere mwakale. Kuyambira nthawi imeneyo ndinasintha kachitidwe. Mwamuna asanavule ndinkamuuza kuti chinsinsi chake ndisunga kwa anthu onse, koma mkazi wake ayenera kubwera, ndipo akakana ndidzamukakamiza. Ena ankavala chipewa n'kutuluka. Ena ankakhala.

Tikumanga katundu, Tisauke anabwera kuchipatala. Mwana uja anali akuyenda yekha, atagwira chitenje cha amake. Kumbuyo anabereka wina, wakhanda. Anamumasula n'kundipatsa m'manja. Ndinamutsegula zikhatho, ndinayang'ana pansi pa mapazi, m'mphuno, m'kamwa, m'maso. Ndinabwerezanso.

"Mwamaliza kufufuza?" anatero. "Alibe kanthu. Ndangobwera naye kuti mumuone musanapite."

Ndinafunsa za a Mbewe. Analoza ndi mlomo panja. Lazalo anali ataima pansi pa mtengo, atagwira njinga, nsapato zija zitang'ambika kutsogolo. Ndinatuluka pakhonde mwana ali m'manja, n'kumupatsa moni. Anayang'ana mwanayo, kenaka anayang'ana mkazi wake.

"Tiye," anatero. "Dzuwa likutentha."

Ndinabweza mwana kwa amake, ndipo anapita.